Koluna Yachitatu ya Ivete

1. Lonjezo la pansi pa mango

M'chaka cha 1997, a diretori, mkulu wa shikola ya ku Insaca, analamula kuti Tsiku la Mtendere likumbukiridwe ndi festa, phwando la nyimbo ndi magule. Nkhondo inali itatha. Mabanja amene anathawira ku Malawi anali atabwerera, ndipo ana ambiri a mu setima kalasi, kalasi yachisanu ndi chiwiri, anali oti kuwerenga anakuphunzirira kumsasa wa othawa nkhondo.

Mmodzi mwa anawo anali Ivete, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anzake ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: pakamwa posachedwa kuyankha, ndi manja osakhazikika. Tochi ikafa, kapena wailesi ikayamba kukhosomola, anthu ankapita nayo kwa iye.

A diretori anasonkhanitsa ana onse pansi pa mtengo wa mango.

"Jeradori ya magetsi tibwereka kuchigayo," anatero. "Nanga nyimbo tizitenga kuti?"

Stanley anaimika dzanja msangamsanga. Iyeyu anali mnyamata wamtali wa m'kalasi mwa Ivete, wokonda kuyenda ndi wailesi ya makaseti paphewa.

"Yanga ilipo, sinyoro diretori. Ndinabwera nayo kuchokera ku Liwonde."

"Kawailesi kakoko kamveka pabwalo lonseli?" anafunsa Ivete. "Papa ali ndi aparelyaje yeniyeni, choimbira chachikulu cha masipika awiri, makoluna aja."

Stanley anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ya makolo ija? Imayimba ngati udzudzu wa m'botolo! Ku Liwonde ndinamva nyimbo zogunda pamtima, zoti fumbi limadumpha lokha pansi. Pamafunika sabuwufa, iwe, chisipika cha mawu okhuthala. Komanso za mawaya si za atsikana. Iwe udzangovina basi."

Ana ena anaseka nawo. Ivete anaimirira.

"Fumbi lidzadumpha," anatero. "Ndipo amene adzavine nyimbo ya mnzake ndiwe."

2. Mawu a bambo

Madzulo a tsikulo a diretori anapita okha kukapempha aparelyaje kwa a Vitorino, bambo ake a Ivete. Linali bokosi lolemera lachitsulo, la galasi kutsogolo ndi mabatani ozungulira. Linkakhala pamwamba pa kabati, lofundidwa kapulana, nsalu ya chitenje. A Vitorino anaganiza nthawi yaitali, kenako anavomera.

Mlendo atapita, anaitana mwana wawo.

"Ivete, khala apa undimvetsere. Aparelyaje iyi ndinaigula ndili mnyamata, ndikugwira ntchito pa siteshoni ya njanji ku Entre Lagos. Tsiku limene tinkathawa, anzathu ankanyamula ufa ndi mabulangete. Amayi ako, malemu Alzira, anasenza bokosi ili pamutu, dzanja lina akukukoka iwe. Ine ndinawauza kuti alitaye m'tchire. Anakana. Anati tikadzabwerera tidzafuna chovinira. Iwo sanabwerere, tinawasiya m'manda a ku Malawi. Bokosi ndi limene linabwerera.

"Ndavomera kuti lipite ku shikola chifukwa tsikulo ndi la mtendere, ndipo n'zimene iwo ankafuna. Koma lipite monga lilili, libwerenso monga lilili. Makoluna ake ndi awiri. Kumbuyo kwake usakakhudzeko, usakamasuleko kanthu, usakamangeko kanthu. Ndimakudziwa iwe, manja ako amayabwa. Ukafuna choseweretsa, matochi a anthu alipo. Ichi chokha ndakana."

"Koma Papa, Stanley akuti imayimba ngati udzudzu."

"Msiye anene. Udzudzu umenewo unawoloka malire kawiri. Wailesi yakeyo yawoloka kangati?"

Ivete anangoyang'ana pansi, chala chake chikulemba mizere m'dothi.

"Inu mudzabwera ku festa?"

"Ayi. Ndili ndi munda wososa kudambo, mvula ili pafupi. Komanso chigulu cha anthu ine sindichikonda, ukudziwa. Ndidzapita ndi mlongo wako Efraimu azikanditolera mapesi. Wamva zimene ndanena?"

"Ndamva, Papa."

Kumva anamvadi. Koma sananene kuti wavomera.

3. Kwa Che Bakari

Kuseri kwa bazari, msika wa ku Insaca, kunali chapa yakufa, minibasi yonyamula anthu. Inagubuduzika pa msewu wa ku Entre Lagos, ndipo mwini wake ankangoigulitsa chidutswachidutswa. Ivete anali ataona kale kuti pansi pa mpando wakumbuyo panali chisipika chachikulu ngati lichero. Anapereka abakha ake amene ankaweta kuseri kwa nyumba, mwini chapa n'kumulola kuti achizule.

Bokosi lake anakhoma yekha ndi matabwa a chitseko chakale. M'ming'alu anamatamo phula losakaniza ndi utuchi. Ntchito yonseyi ankaichitira kwa mnzake, kuti bambo ake asaone.

Litatha bokosi, analimanga pa njinga n'kupita nalo kwa Che Bakari kukapempha waya. Che Bakari anali mkulu wochokera m'mbali mwa nyanja ya Amaramba. Anasiya usodzi msana utayamba kuwavuta, ndipo tsopano ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina pa bazari. Zambiri zimene Ivete ankadziwa anaziphunzira pongoyang'anira manja awo.

Mkuluyo anagogoda bokosilo mbali zonse, n'kudina pakati pa wufa ndi zala.

"Bokosi wakhoma bwino, sindikunamiza. Ukufuna kulumikiza ku chiyani?"

"Ku aparelyaje ya Papa."

Che Bakari anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo.

"Tamvera, mwanangu. Aparelyaje ya bambo ako ndimaidziwa, ndinaipukutapo fumbi m'kati. Ndi yakale. Kumbuyo kwake kulibe khomo la wufa. Kuli pomangira mawaya a makoluna awiri basi, yakumanja ndi yakumanzere. Tsono wufa iyi ndi ya m'galimoto, ndi yadyera, imakoka moto wambiri. Ukaimangirira pamodzi ndi koluna ina, kuli ngati kusenzetsa njinga imodzi matumba atatu a chimanga. Pachidikha iyenda ndithu, ndipo udzati Che Bakari ananama. Koma pachitunda masipoko adzathyoka. M'kati mwa bokosi lija muli tizitsulo timene timatentha pogwira ntchito. Ukakweza mawu tidzatentha kupitirira muyeso, tidzapsa, ndipo ndi mtundu woti masiku ano suonekaoneka.

"Njira yake ilipo, sindikukubisira. Wufa imafuna ampulifikadori yakeyake, yaing'ono, yokhala ndi moto wakewake. Imeneyo imangotapa mawu pa mawaya a makoluna, n'kusefa okhuthala okhaokha kupatsa wufa. Zikatero aparelyaje siimva kulemera. Yotero ine ndilibe, koma wina akamapita kutauni ndikhoza kumutuma. Festa iyi ipite ndi makoluna awiri. Dikira ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Festa ina?" Mawu a Ivete anakwera. "Che Bakari, ife takhala tikudikira chibadwire. Kumsasa ankati dikirani ufa. Kenako ankati dikirani mtendere. Mtendere wabwera, inu mukuti ndidikire ampulifikadori."

"Bambo ako akudziwa zimenezi?"

Ivete anatembenuzira nkhope kumsewu.

"Nanga ndikapanda kukweza kwambiri?" anafunsa.

"Sindinaonepo mwana wogwira batani la mawu n'kulisiyira pakati, anzake akuvina. Waya sindikupatsa. Waya wanga sungakapserezere katundu wa mnzanga."

"Chabwino. Ndikaupeza kwina."

Anamanganso bokosi lake pa njinga. Popita kwawo anadzera ku chapa yakufa ija, n'kusolola waya wofiira ndi wakuda pansi pa chiwongolero.

4. Fumbi lidumpha

Tsiku la festa dzuwa linatuluka laukali, monga limachitira mu Okutobala. Pabwalo la shikola panadzaza ana, makolo, ndi anthu a pa bazari. Mbendera inakwezedwa, akuluakulu analankhula, ana a makalasi aang'ono ananena ndakatulo zawo. Chakumasana anyamata a kuchigayo analiza jeradori.

Ivete anaika aparelyaje patebulo, makoluna awiri mbali iyi ndi iyo, kamakina ka makaseti pamwamba. Pansi pa tebulo panali chinthu china chofundidwa kapulana.

Nyimbo yoyamba inali ya marabenta. Inamveka bwino ndithu, koma phokoso la jeradori ndi la anthu linkaimeza. Amene ankavina anali a kutsogolo okha.

Stanley anafika pafupi ndi tebulo, n'kutsina mphuno yake.

"Nyiiiii!" anatero, akuyerekeza udzudzu. "Fumbi lija lili kuti, mayi mekaniko?"

Ivete anazimitsa aparelyaje, anthu n'kuyamba kudandaula. Anakoka chinthu chija pansi pa tebulo n'kuchotsa kapulana. Kenako anagwada kumbuyo kwa bokosi la bambo ake. Ndi nsonga ya mpeni anamasula pomangira mawaya a koluna yakumanzere. Anapota waya wofiira wa wufa pamodzi ndi wofiira wa kolunayo, wakuda pamodzi ndi wakuda, n'kumanganso zolimba.

Anaika kaseti ya kwasakwasa. Anayatsa.

Du! Du! Du!

Ana amene anali pafupi anadumphira m'mbuyo. Pakati pa wufa pankatuluka ndi kulowa ngati chifuwa cha munthu wothamanga. Malata a kalasi yoyandikana anayamba kunjenjemera. Patsogolo pa bokosi la matabwa, fumbi linkanyamuka pansi pa kugunda kulikonse.

Bwalo lonse linakuwa. Azimayi anamanga makapulana m'chiuno. A purofesoro a masamu, amene palibe anawaonapo akuseka, analowa pakati atanyamula chipewa m'mwamba. Stanley anaima kukamwa kuli yasa, koma mapewa ake anayamba okha kugwedezeka, ndipo posakhalitsa anali m'gulu, thukuta lili kamukamu.

"Ukuvina nyimbo ya ndani?" anamukuwira Ivete.

"Kweza, iwe!" anayankha Stanley. "Kweza!"

Ivete anaika dzanja pamwamba pa aparelyaje. Panali potentha ngati lata la padzuwa. Anatola chikatoni n'kuyamba kukupiza. Anayang'ana batani la mawu, lomwe linali pakati. Anayang'ana anthu, atsikana anzake akumuimbira m'manja ndi kutchula dzina lake.

Anapotoza batani mpaka kumapeto.

5. Kukhwawa

Nyimbo zingapo zitadutsa, munthu wina anamugwira pamkono mwamphamvu. Anali mayi Hamida, ogulitsa matemba pa bazari. Mpango wawo unali utagwera paphewa, mapazi ali matope okhaokha. Ankalankhula, koma mawu awo sankamveka. Anamukokera kunja kwa gulu.

"Zimitsa chinthu chakocho! Kudambo anthu abalalika. Azimayi ataya ndowa pachitsime, akuthawira kutchire. Akuti zayambanso!"

"Chayambanso n'chiyani? Ndi nyimbo chabe, mayi."

"Kuno ndi nyimbo. Uko si nyimbo. Ndipo bambo ako ndawaona akuthamangira kukhwawa, mwana ali m'manja."

Ivete sanakumbukire zozimitsa. Anathamanga kudutsa kuseri kwa makalasi, kulowa njira ya kudambo.

Akupita, nyimbo inayamba kusintha. Mawu a woyimba ndiwo anayamba kutha. Atadutsa mitengo ya mango, magitala nawonso anatha. Pofika m'minda munalibenso nyimbo ina iliyonse. Kunatsala kugunda kokha, kozama, kochokera pansi, kosadziwika kumene kukuchokera.

Du. Du. Du.

M'munda mwa bambo ake munalibe munthu. Khasu linali gone pa mzere, mtolo wa mapesi utamwazika. Ivete anatsetserekera kukhwawa louma la kumalire a munda.

Anawapeza kumeneko. A Vitorino anali atagona chafufumimba m'mchenga, Efraimu ali pansi pawo. Dzanja lawo lina linali litatseka pakamwa pa mwanayo. Maso awo anali otseka zolimba, ndipo msana wawo unkanjenjemera pa kugunda kulikonse.

"Papa! Papa, ndine Ivete."

"Gona pansi!" anakuwa. "Gona pansi, mwana iwe!"

"Papa, si mfuti. Ndi festa. Ndi nyimbo ya ku shikola."

Nthawi yomweyo kugunda kunaduka. Kunangoti zii. Patali pankamveka jeradori yokha.

A Vitorino anatsegula maso pang'onopang'ono. Anadzuka, n'kukhala tsonga. Efraimu anayamba kulira, akulavula mchenga. Bambo ake anamupukuta kumaso ndi malaya awo, osayang'ana Ivete. Kumtunda kwa khwawa, azimayi awiri amene anabisala m'bango anatuluka. Atawaona a Vitorino anayang'ana kumbali, n'kumapita mwakachetechete.

"Aparelyaje yanga siigunda choncho," anatero a Vitorino. "Waichita chiyani?"

"Ndawonjezera koluna ina. Ya mawu okhuthala."

Mkuluyo anagwedeza mutu kanthawi. Polankhula, mawu awo anali otsika.

"Pamene mizinga inkagwa pa siteshoni, sitinkayamba kuimva ndi makutu. Tinkaimva m'mimba ndi m'mapazi, chimodzimodzi chonchi. Amene ankaima kuti amvetsetse kaye ndi amene tinawakwirira. Thupi langa linaphunzira kusafunsa. Lero ndagona m'khwawa pamaso pa mwana wanga wamng'ono, pamaso pa azimayi a kudambo, chifukwa cha nyimbo. Mtendere akuluakulu anasainirana tsiku limodzi, mwanangu, koma m'matupi mwathu ukubwera wapansi. Ena sunawafikebe. Ukanandiuza kuti kukhala kugunda kotere, ndikanadziwa, ndikanauzanso anzanga a kudambo kuno, bwenzi palibe wothawa. Koma sukanandiuza, chifukwa unkadziwa kuti ndinakuletsa. Chobisa chimatero. Sichipweteka wobisa yekha."

Misozi inalengeza m'maso mwa Ivete, koma mutu sanaweramitse.

"Sindinafune kukuopsani, Papa. Zimenezo zandipweteka, ndipo ndikupepesa. Koma nkhondo sitinaiyambitse ndife. Tinabadwira m'mantha anu, takulira m'mantha anu. Tizinong'ona mpaka liti? Amayi anasenza bokosi lija kuti tidzavinire. Lero anthu avina. Mukanaona!"

"Amayi ako usawalowetse m'kusamvera kwako."

Anaimirira, n'kunyamula Efraimu. Kenako anatchera khutu chakushikola.

"Yasiyiranji kuyimba? Wasiyako munthu woti azimitse?"

A Vitorino anayang'ana Ivete kwa nthawi yoyamba, ndipo anamvetsa.

"Pita ukaone. Iweyo khomo ndi lako, udzalowa, udzadya, udzagona. Koma bokosilo likakhala lapsa, lisalowe m'nyumba mwanga lili chete. Ndipo ine ndi iwe tilibe nkhani mpaka tsiku limene lidzayimbenso."

Anakwera chitunda osacheuka, khasu n'kulisiya pomwepo.

6. Fungo la chopsa

Pobwerera ku shikola, Ivete anakumana ndi anthu akubalalika. Ena ankaseka, ena ankang'ung'udza. Fungo analimva asanafike patebulo, fungo lowawa ngati la pulasitiki wapamoto.

Stanley anali chiimire pambali, manja ali kumbuyo.

"Ine sindinakhudze," anatero msanga. "Inangoti phwa, utsi n'kutuluka pamwamba. A diretori ndiwo azula waya ku jeradori." Anakanda m'mutu. "Koma inagunda, aise. Ngakhale ku Liwonde sizinafike pamenepo."

Ivete sanasangalale nawo mawuwo, ngakhale anali atawayembekeza masiku onsewa.

Wina anali ataitana kale Che Bakari. Mkuluyo anamasula chivindikiro cha aparelyaje, n'kusuzumira m'kati. Mbali yakumanzere inali yakuda bii. Anakhudza ndi nsonga ya sikuludiraiva, kanthu kena n'kuyoyoka ngati khala.

Sananene kuti ndinakuuza. Anangopuma mozama.

"Zingakonzeke?" anafunsa Ivete.

"Tizitsulo titapezeka, zingakonzeke. Koma kuno ku Insaca kulibe, ku Entre Lagos kulibe. Ndifunsa anzanga. Zitenga miyezi, mwinanso osapezeka n'komwe. Iwe pita ukagwade pamaso pa bambo ako, upepese kopanda koma. Kenako ubwerere ku mabuku. Mayeso a setima ndi mwezi wamawa."

"Kupepesa ndapepesa. Iwo akufuna bokosi loyimba, ndipo ndiwapatsa bokosi loyimba. Ndaotcha ndine, ndikonzanso ndine."

"Ndi chiyani? Ndi mpeni wakowo?"

Ivete asanayankhe, kumbuyo kwawo kunamveka kugogoda. Mwamuna wina wachilendo anali atanjuta pafupi ndi bokosi la wufa, akuligogoda ndi mphete ya pachala. Anavala magalasi akuda ndi nsapato zosongoka, zosayenera fumbi la ku Insaca.

"Wakhoma bokosi ili ndani?" anafunsa.

"Ndine."

Mlendoyo anatsitsa magalasi, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iweyo? Ndinalimva ndili pa bazari, ndikukweza nyemba pa kamiyawo, lole yanga. Dzina langa ndine Feliciano. Ku Cuamba ndili ndi nyumba ya dansi, ndipo anyamata anga sadziwa kukhoma bokosi losatulutsa mpweya." Anasuzumira mu aparelyaje. "Tizitsulo tonga tapsati ndili nato todzaza chitini, ndinazula m'makina akale. Tiye ukandikhomere mabokosi angapo. Pomaliza udzasankha tizitsulo tako, udzabwera nayo ikuyimba."

Che Bakari anaimirira, n'kuima pakati pa mlendoyo ndi mtsikanayo.

"Bambo, mwanayu ali pa shikola, ndipo ali ndi kholo. Ngati tizitsulo muli nato, tumizani kwa ine, tikambirana akuluakulu. Ife kuno sitikukudziwani."

"Ine sindikukakamiza munthu, madala," anatero Feliciano akumwetulira. "Ndangoona luso likuwonongeka."

Che Bakari anatembenukira kwa Ivete, n'kutsitsa mawu.

"Tsiku lija sunandimvere, lero waona. Tsono undimvere pa ichi chokha. Munthu wofika ndi yankho m'manja, tsoka lisanazizire n'komwe, uyambe wadziwa kwawo, wadziwa amene amamudziwa. Ku Cuamba ulibe m'bale. Ukakagona kuti? Akakakutsekera chitseko, ukalirira ndani? Chitsulo chopsa chimadikira, sichiola. Mayeso sadikira. Ndipo mwana wamkazi akapita ndi munthu wosamudziwa, zimene zimapsa kumeneko ine sindingazikonze."

Ivete anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anatenga chivindikiro m'manja mwawo, n'kuchibwezera pa aparelyaje. Anamanga timisomali tonse payekha, kamodzikamodzi.

"Kamiyawo yanu inyamuka liti?" anafunsa.

"Mawa m'mawa, anthu akamatuluka mu mzikiti," anayankha Feliciano. "Kutsogolo kwatsala malo amodzi."

"Ivete!" anatero Che Bakari.

Mtsikanayo sanawayang'ane.

"Musandisiye," anauza Feliciano.